Chingwe cha Pulinta M'chigafa

Kwathu ku Kasungu chinthu chilichonse chachitali ndi chopindika chimathera m'chigafa. Lamba wakale, linya, waya woyanikapo zovala, chingwe cha mbuzi imene inagulitsidwa chaka chatha, zonsezi mukazisowa musavutike n'kukalipira ana. Pitani kumene kwapachikidwa fodya mukayang'ane m'mwamba. Ine ndinakulira m'khalidwe limeneli ndipo ndinkaliyesa nzeru, mpaka chaka chimene achimwene anga anabwera ndi kompyuta kuchokera ku Lilongwe.

Achimwenewo ndi oyamba kubadwa, ine ndine mzime. Iwo ankayendetsa galimoto pa ofesi ina mumzinda, ndipo ofesiyo itaganiza zogulitsa katundu wakale anapezako kompyuta ndi pulinta pamtengo wozizira. Ine ndinali nditangomaliza kuphunzira kutayipa ku boma, ndili khale pakhomo, ndikugwira ntchito za fodya ndi zala zimene ndinkaziona kuti n'zapamwamba kuposa ntchitoyo. Maganizo anali akuti nditsegule kachipinda kotayipira anthu pa Chamama, kuseri kwa golosale ina. Kachipindako kanapezeka, koma magetsi anali atathera pa polo ya panja, m'kati anali asanalowe. Choncho makatoni aja, amene anafika nthawi ya Khirisimasi, anakakhala kumudzi, kuchipinda kwa makolo anga, pansi pa bedi.

Amene anasangalala kwambiri ndi makatoniwo si ine ayi, koma bambo anga. Bambo anali mlimi wa fodya moyo wawo wonse komanso mkulu wa mpingo, ndipo zilembo zosindikiza ankazilemekeza modabwitsa. Ankawerenga chilichonse, thumba la feteleza, kalendala ya chaka chatha, ngakhale nyuzi imene amayi akulungiramo matemba. Chinthu chikalembedwa pamanja ankati ndi maganizo chabe a munthu, koma chikasindikizidwa ankati tsopano chakhazikika. Ndipo anali ndi nkhani yawo imene ankafuna kuti ikhazikike. Inali mbiri ya mudzi wathu: mmene makolo awo anafikira kuno nkhalango isanathe, mmene tchalitchi chinayambira pansi pa mtengo, ndiponso za matenanti ochokera kum'mwera amene anabwera kudzalima fodya m'maesiteti, n'kumwalira konkuno, n'kuikidwa m'mphepete mwa manda athu popanda wowalira wakwawo. Bambo ankawakumbukira anthu amenewa mmodzimmodzi, ndi kumene aliyense anachokera.

Vuto linali maso. Anayamba ndi kugunda felemu la chitseko ndi phewa, kenako kusaona munthu amene waima pambali pawo. Kuchipatala anawauza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, koma matenda a m'kati mwa diso amene amadya kuwala kuyambira m'mbali kulowera pakati, ndipo chimene chadyedwa sichibwereranso. Anawapatsa mankhwala odontheza m'maso oti angochedwetsa. Pakati penipeni pa diso panali patatsala, moti m'mawa ankawerengabe Baibulo pakhonde, chala chili pamzere. Atamva kuti m'katoni imodzi muli makina osindikiza, anandiuza mosapita m'mbali kuti akufuna kuwerenga mbiri yawoyo papepala, ndi maso awo, masowo asanatseke. Ndinawalonjeza mopepuka, monga mmene munthu amalonjezera kuti adzabwera Lamlungu.

Magetsi analowa m'kachipinda kaja mvula ili m'kati, fodya atayamba kale kuthyoledwa. Tinanyamula makatoni pangolo titawafunditsa pulasitiki. Ndinalumikiza zonse mwamatama, anthu akusuzumira pawindo, kiyibodi pamalo pake, mausi pamalo pake, ndipo kompyuta inayaka popanda kunyinyirika. Nditafika pa pulinta ndinapeza chingwe chake cha magetsi chilipo, koma chingwe choilumikiza ku kompyuta panalibe.

Amene anazolowera tizingwe tamasiku ano, toonda, tolowa paliponse, sangachidziwe chingwe chimene ndikunenachi. Chinali chotuwa, chonenepa ngati chala, chachitali ndithu, cholimba, cha mitu iwiri yosafanana. Mutu wolowa kumbuyo kwa kompyuta unali ndi timapini toonda m'mizere iwiri, ndi timasikuluwu tiwiri m'mbali tomanga ndi zala. Mutu wolowa ku pulinta unali wotakata, wopanda mapini, ndipo pulintayo inkaugwira ndi timawaya tiwiri tokowa mbali ndi mbali. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kapini kalikonse kali ndi ntchito yake, ndi kuti chilembo chimodzi chimayenda m'mawaya angapo nthawi imodzi, moti kapini kamodzi kakathyoka chilembocho chimafika cholumala. Popanda chingwe chimenechi kompyuta ndi pulinta zinali ngati anthu awiri okhala m'nyumba imodzi koma osalankhulana.

Ndinakutumula makatoni onse, osachipeza. Ndinapalasa njinga kubwerera kumudzi n'kukakwawira pansi pa bedi. Amayi anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anandifunsa ngati ndikufuna chingwe chotuwa chija cha mitu. Anafunsa mokondwa, ngati munthu amene akudikira kuyamikiridwa. Anati tsiku lina masana kunagwa mvula ya mphepo, mtanda wa pakati m'chigafa unang'aluka pa mphanda, ndipo fodya yense amene anali atapachikidwa anatsala pang'ono kugwera m'matope. Bambo anauchirikiza mtandawo ndi phewa n'kumaitana kuti wina abweretse chomangira. Luzi linali litatha, linya lonse linali pantchito. Amayi anakumbukira kuti m'makatoni a mwana wawo muli zingwe zambiri, anathamanga n'kukasankha chonenepa kuposa zonse. Anati sanaonepo chingwe chabwino chotero, chosatanuka, chosaola, ndipo mitu yakeyo inkaletsa mfundo kumasuka. Zoonda zija anazisiya dala, poganiza kuti ndizo zofunika pa makina.

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma wokalipira ndinamusowa, chifukwa aliyense wa m'mudzi mwathu akanachita chimodzimodzi, ndipo akanatamandidwa. Bambo, amene mpaka tsikulo sankadziwa kuti mtanda wawo anaumanga ndi chiyani, ananditengera kuchigafa. Kuyambira tsiku la mvula lija anali atathyola fodya wambiri, ndipo mikangala, mitengo yokolekapo masambayo, inali itapachikidwa mizeremizere, yothinana, kuyambira pansi mpaka kudenga. Ndinawerama n'kuyang'ana kumene ankaloza. Patali, pakati pa masamba achikasu, ndinaona kachitsulo kakung'anima. Kuti munthu akafike pamenepo anayenera kutsitsa fodya wa mbali yonseyo. Tsono fodya amene wangoyamba kufota ndi kusintha mtundu sagwidwagwidwa. Pamene pakanikiza chala pamada, ndipo tsamba lakuda pamsika limagulidwa ngati zinyalala. Ndinawapempha kuti titsitse mikangala yochepa chabe, mosamala, timangepo khonje, tichotse chingwecho. Bambo anayang'ana m'mwamba, ndipo ndinkaona kuti nkhaniyo ikuwavuta mumtima.

"Ayi, amayi," anatero, pakuti ndi mmene ankandiitanira akafuna kundiziziritsa mtima. "Fodya ayambe watsika. Mbiri yadikira zaka zonsezi, singalephere kudikira kuti masamba aume."

"Nanga maso adikira, adada?"

"Kuthamanga sikufika."

Ndipo nkhani inathera pompo. Anthu a kwina sangamvetse mmene inathera mosavuta chonchi, koma kwathu mawu akuti fodya ayambe ndi otseka mlandu. Ukwati umadikira fodya, chiliza chimadikira fodya, dzino lobooka limadikira fodya, ndipo wodikirayo saona ngati walakwiridwa. Tinabadwa tikudziwa kuti chakudya cha chaka chonse chapachikika pa mikangala imeneyo. Mpaka lero sindinganene kuti bambo analakwa, koma ndikakumbukira mmene tonse tinatulukira m'chigafa muja mitima ili m'malo, ndimamva chisoni.

Podikira tinayamba ntchito yolemba mbiri ija. Tsiku la msika bambo ankapalasa njinga kubwera pa Chamama atavala jekete la kutchalitchi, n'kukhala pa benchi pambali panga. Ankalankhula atatsinzina, ine ndikutayipa. Anali wovuta kuposa mphunzitsi aliyense amene ndinakumana naye. Ndikamawawerengera zimene ndalemba ankandiimitsa pa liwu limodzi, n'kunena kuti iwo sanatero, ndipo ngati ndikufuna kulemba zanga ndidikire ndikalambe. Ankafuna kuti dera la kwawo kwa tenanti aliyense lilembedwe bwinobwino, kuti mwina tsiku lina mdzukulu wa munthuyo adzabwera kudzafunsa. Pa ena ankasimba zoseketsa, za mkulu wina amene ankaimba nyimbo za kwawo posoka fodya mpaka mudzi wonse unaziphunzira osadziwa tanthauzo lake. Pa ena ankangotchula dera ndi nyengo imene anamwalira, basi.

Ndinayesa kukulitsa zilembo pagalasi la kompyuta kuti aziwerenga okha, koma kuwala kwake kunkawatulutsa misozi ndipo mzere unkawathawa. Komanso galasilo sankalikhulupirira. Tsiku lina magetsi anazima tili pakati pa chiganizo, galasi linada bii, ndipo anandifunsa kuti anthu awo aja apita kuti. Ndinawafotokozera kuti asungika m'kati mwa makina. Anangopukusa mutu n'kunena kuti chinthu chimene chimasowa mphepo ikawomba waya ndiye kuti sichinalembedwe.

Malonda anga nawo anali oseketsa. Anthu ankabwera kuti ndiwatayipire, akamva kuti mawu alowa koma satuluka ankabwerera akuseka. Mwini golosale anandipatsa dzina loti mlembi wopanda pepala. Ndinkangodalira aphunzitsi awiri atatu amene ankabwera madzulo kudzaphunzira kugwira mausi.

Njira ina inalipo. Achimwene, nditawaimbira foni, anati ndikopere mbiriyo pa disiketi, kambale kosungira zolemba, ndikasindikize ku boma. Bambo atamva anakana kwamtuwagalu. Anati munthu amene ali ndi ngolo yake sakabwereka ya mnzake chifukwa choti goli latsalira kumunda, anthu angamuseke. Iwo ankafuna kuti pepala lituluke m'makina a mwana wawo, iwo ali pompo akuona. Komanso mbiriyo inali isanathe, popeza sabata iliyonse ankakumbukira munthu wina amene anamuiwala. Ine pa kunyada ndine mwana wa bambo anga, moti nanenso ndinkafuna kuti tsamba loyamba litulukire patebulo langa. Tinagwirizana bwinobwino, bambo ndi mwana, ndipo disiketi inakhala m'dirowa.

Mvula itatha fodya anauma, anatsitsidwa, ndipo chingwe chija chinaonekera poyera chitakulunga mtanda. Mfundo yake inali itamangika moti bambo anaimasula ndi msomali. Chinatsika chopotanapotana, chikununkha fodya. Mitu yonse iwiri inali itachita dzimbiri, m'mutu wotakata uja mavu anali atamatamo dothi, ndipo timapini ta mutu winawo tinali titagona cham'mbali pamene tinakanikizika pa mtengo. Kamodzi kanali katathyokeratu. Ndinakhala pakhonde ndi palafini, mswachi wakale ndi singano yosokera masaka, n'kumatsuka ndi kudzutsa timapinito kamodzikamodzi. Amayi anandibweretsera mbatata yootcha, ndipo kumeneko kunali kupepesa kwawo.

Tsiku loyesa bambo anafika ine ndisanatsegule n'komwe. Ndinazimitsa makina onse awiri monga anatiphunzitsira, ndinalowetsa mutu wa mapini kumbuyo kwa kompyuta pang'onopang'ono, ndikuugwedeza kuti timapini tokhota tija tipeze mabowo ake. Unalowa monyinyirika. Ndinamanga timasikuluwu, ndinakowetsa mutu winawo ku pulinta, n'kuyatsa. Pulinta imeneyo inali ya riboni, yolemba pomenya pepala ndi tisingano, ndipo phokoso lake linkamveka mpaka kumsewu. Inakuwa, inakoka pepala, inalemba mzere umodzi, inalavula pepalalo n'kukoka lina. Pamzerewo panalibe liwu ngakhale limodzi. Panali timitima, tinkhope toseka, timivi, ndi zilembo zina zimene sindinazionepo chibadwire.

Bambo anatenga pepalalo, analiyandikiza kumaso, anaikapo chala n'kuyamba kuseka.

"Makina akowa ayamba malilime, amayi. Kumpingo kwathu zimenezi sitilola."

Anaseka mpaka kupukuta misozi, mwini golosale anabwera n'kudzaseka nawo. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana chala chawo chikuyenda pamzere, chikuima pa kamtima kalikonse, pa kankhope kalikonse, tinthu tating'ono kuposa njere ya mapira, ndipo ankationa tonse. Anandifunsanso chifukwa chake kankhope kena n'koyera pamene kena n'kakuda. Tsiku limenelo mawu akanatuluka bwino, bambo akanawerenga tsamba lonse okha. Ndimalikumbukira tsikuli kuposa ena onse, ndipo ndi limene limandipweteka kwambiri.

Panafunika chingwe china. Ndinakwera matola kupita ku boma n'kulowa m'sitolo iliyonse imene inali ndi waya pawindo. Ogulitsa ankachitembenuza chingwe changa chadzimbiricho, ena kuchinunkhiza, n'kundiuza kuti zoterezi zinatha, masiku ano kwabwera zoonda zongolowetsa. Mmodzi anandilangiza kuti ndigule pulinta yatsopano, ngati kuti akundiuza kuti ndigule mchere. Ndinaimbiranso achimwene, anati afufuza ku Lilongwe, koma nyengo imeneyo ankangokhalira maulendo a kuntchito. Bambo anandiletsa kuwavutitsa. Anati mwana wachita kale zazikulu, ndipo fodya akagulidwa iwo eni adzandikweza basi kuti ndikachisake ndekha.

Koma fodya akatsika m'chigafa ndiye kuti ntchito yangoyamba. Pamakhala kusankha tsamba ndi tsamba, kumanga timitolo totchedwa ndindi, kudinda mabelo pa jeke, kenako kulondola mabelowo ku depoti kumene amakadikira lole. Bambo anasiya kubwera pa Chamama. Ankakhala tsiku lonse mu shedi ya mdima ndi fumbi, akusankha fodya. Mankhwala a m'maso anatha, ndipo ulendo wa kuchipatala nawo unalowa pamzere wa zinthu zodikira fodya. Ine ndikafunsa, amayi ankati apita sabata ya mawa, bambo ankati maso ali bwino, akungoyabwa ndi fumbi. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mwambi umenewu bambo ankaudziwa bwino, ankatiuza ife tikachedwa kupalira.

Zizindikiro zinalipo, ndipo aliyense wa ife anaziona payekha n'kuzibisa. Lamlungu lina ndinawapeza akupita kutchalitchi akukankha njinga m'malo moikwera. Anati tayala lachepa mpweya, koma ine nditalisinja ndinapeza lili gwa. Tsiku lina anathira tiyi pambali pa kapu, amayi anapukuta msangamsanga akupitiriza nkhani ina. Kutchalitchi anasiya kuwerenga mawu, anati apatse mpata achinyamata. Bambo anali munthu woti sungamufunse kawiri chinthu chimene wayankha kale, ndipo ife tinkaopa yankho lenileni kuposa mmene tinkawaopera iwo. Mabelo anachedwa ku depoti, anapita kumsika, anagulidwa, ndalama zinabwera n'kulowa m'mabowo amene ankazidikira. Ulendo wanga wa ku Lilongwe unkangosunthidwa.

Chingwe chinafika nyengo yotentha, anthu atayamba kale kuthirira nazale za fodya wina. Achimwene anachipeza pamsika, pa mulu wa mawaya akale, ndipo anachitumiza ndi kondakitala wa minibasi pamodzi ndi riboni yatsopano. Ndinachitulutsa m'jumbo ndili ndekha. Timapini tonse tinali chilili, tonyezimira. Ndinazimitsa makina. Mutu wa mapiniwo ndi wotakata pamwamba, wopapatiza pansi, moti umalowa njira imodzi yokha, ndipo unalowa mosakakamiza. Ndinamanga timasikuluwu ndi zala, ndinakankha mutu winawo mu pulinta, timawaya tija tinatseka, ndinayatsa pulinta kenako kompyuta. Ndinatayipa mawu ochepa oyesera ndipo anatuluka oyera bwino, chilembo chilichonse pamalo pake. Ntchito yonseyo inatha madzi a tiyi amene ndinatereka asanawire. Ndinakhala pa benchi ndikuyang'ana pepalalo, ndikudabwa kuti kanthu kochepa chonchi katidyera miyezi yonseyi. Kenako ndinatuma uthenga kumudzi.

Anabwera m'mawa mwake pa kabaza, bambo patsogolo, amayi pa ina pambuyo. Bambo anali atavala jekete lija ngakhale kunkatentha. Analowa atagwira phewa la amayi, akunena kuti dzuwa lawathobwa m'maso. Anapapasa benchi n'kukhala, anatulutsa magalasi awo owerengera, anawapukuta ndi mpango n'kuvala. Ine ndinali nditakonza kale tsamba loyamba ndi zilembo zazikulu, zonenepa. Pulinta itayamba kukuwa anamwetulira, atapendeketsa mutu, akumvetsera mzere uliwonse ukupita ndi kubwera. Ndinasolola tsambalo n'kuwapatsa. Anayamba apukuta manja pa thalauza asanalilandire.

Analiyandikiza kumaso. Analitalikitsa. Anatembenukira kukhomo kumene kunkachokera kuwala, n'kuliyandikizanso.

"Inki yatha, amayi. Pepalali latuluka loyera."

Ndinayang'ana amayi anga, iwo anayang'ana pansi. Zilembozo zinali zakuda bii, zazikulu ngati nyemba, moti ine ndinkaziwerenga ndili pampando wanga. Ndinati ndiyesanso. Ndinazikulitsa mpaka tsamba lonse linangokwana mawu ochepa, ndinasindikiza, ndinabwezanso pepala lomwelo m'makina kuti amenye kawiri pamalo amodzimodzi. Bambo analitenga, anaimirira okha, anapapasa khoma mpaka pakhomo n'kukaima padzuwa penipeni. Ankaliyendetsa pepalalo pang'onopang'ono patsogolo pa nkhope yawo, kumanja, kumanzere, m'mwamba, kusaka kabowo ka kuwala kamene kanawatsalira m'diso. Milomo inali yokonzeka kutchula liwu loyamba. Munthu wina wodutsa anawapatsa moni mwaulemu, koma iwo anangopitiriza kuliyendetsa pepalalo.

Atabwerera m'kati anandipeza nditagwada kuseri kwa tebulo, ndikumanganso timasikuluwu tomangika kale. Ndinkalankhula zambirimbiri, kuti mwina chingwechi sichinalowe bwino, mwina riboni ndi yachinyengo, mwina tiyese mawa. Ndinkafunitsitsa kuti vuto likhale la makina, chifukwa makina ndikanatha kuwakonza.

"Chisiye chingwecho, mwanangu," anatero. "Chili bwino. Ndine."

Anakhala pansi, pepala lili pamaondo. Anavula magalasi aja, anawapinda n'kuwatambasulira kumbali imene ankamva kuti kuli amayi. Amayi anawalandira ndi manja awiri n'kuwamanga pa nsonga ya chitenje. Kenako bambo anandiuza kuti ndisindikize zonse mpaka kumapeto, pasatsale munthu, ndipo ndikatha ndiwawerengere kuyambira pamwamba, mosathamanga. Pulinta inakuwa mpaka masana. Itasiya ndinasonkhanitsa masamba, ndinakhala pambali pawo n'kuyamba kuwerenga. Magalasi aja sanawafunsenso.